Nkhope ya Mfumu pa Ndalama Yagolide



Munthu akaima padoko la Kachulu kunja kutayera, n'kufulatira chilumba cha Chisi, maso ake amakagwa paphiri la Zomba. Pamwamba pa phirilo, cha kumbali yoyang'ana kunyanja kuno, pali malo awiri amene alendo amaimapo poona dziko. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira ulendo wa mayi wake wa Mfumukazi Elizabeth II m'chaka cha 1957. Enawo amatchedwa Emperor's View, pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafika m'dziko muno mu 1965. Mafumu a maiko akutali ali ndi luso losiya maina awo m'mbuyo. Amawasiya pamapiri, pamisewu ndi pazipatala. Koma njira imene amaikhulupirira kwambiri ndi yodinda nkhope yawo pachitsulo, ndipo akafuna kuti chaka china cha ufumu wawo chisadzaiwalike, chitsulo chimene amasankha ndi golide.

Ndalama yachikumbutso imasiyana ndi ndalama ya kumsika. Imasulidwa mowerengeka, imagona m'kabokosi, ndipo ngakhale pamalembedwa mtengo wake, palibe amene amapita nayo kukagula ufa. Ntchito yake ndi kulengeza kuti mfumu yakutiyakuti yakhala pampando zaka zakutizakuti ndipo mpandowo sukugwedezeka. Haile Selassie yemwe uja ndi chitsanzo. Mu 1966, patangopita chaka atachoka ku Zomba, boma lake linatulutsa ndalama zagolide zokumbukira zaka 50 chiyambire kutsogolera dziko la Ethiopia mu 1916. Mu 1974 asilikali anamuchotsa pampando, ndipo chaka chotsatira anamwalira ali m'manja mwawo. Ndalama zija zilipobe, pajatu golide sachita dzimbiri, ndipo zimagulitsidwa pamtengo wabwino. Koma wogula amayamba waika ndalamayo pasikelo, dzina la mwini nkhope amafunsa pambuyo.

Mfumu yachilendo imene nkhope yake inayamba kuzolowereka m'chigwa chino ndi Mfumukazi Victoria, imene inalamulira Britain kuyambira 1837 mpaka 1901. Mu 1887, pokondwerera zaka 50 za ufumu wake, ku London kunasulidwa ndalama zagolide za mapaundi asanu ndi za mapaundi awiri, pamodzi ndi ya paundi imodzi imene Angerezi amaitcha sovereign. Ndalama ya paundi imodziyo imalemera magalamu 7.98, ndipo mwa magawo 24 a chitsulo chake, 22 ndi golide weniweni. Kumbuyo kwake kuli munthu wokwera pahatchi akubaya chinjoka. Nkhope yatsopano ya Mfumukazi inajambulidwa ndi mmisiri wotchedwa Joseph Edgar Boehm, amene anaika kachisoti kaufumu kakang'ono pamwamba pa mutu, kooneka ngati kagwa mwini wake akangoyetsemula. Eni dziko anaseka kwambiri, moti mu 1893 nkhopeyo inasinthidwa. Kunachitikanso china chochititsa manyazi: sikisipensi yasiliva ya chaka chimenecho inafanana kwambiri ndi ndalama yagolide ya theka la paundi, ndipo akathyali anayamba kuipaka madzi a golide n'kumapusitsa nayo anthu, kufikira boma linasintha maonekedwe ake chaka chisanathe. Chinyengo cha ndalama zonyezimira sichinayambe lero.

M'chaka chomwecho cha 1887, kuno kunyanja kunalibe amene ankadziwa za chikondwerero cha ku London. Ku Zomba n'kuti ikungomalizidwa nyumba ya nthumwi ya boma la Britain, ija inadzatchedwa Masongola chifukwa cha nsonga za denga lake. Kumpoto, paphiri la Chikala, Mfumu Kawinga inali ikadali ndi mphamvu zake zonse. Malonda analipo ambiri, koma ankayenda popanda kobiri ngakhale limodzi. Amayi a m'mbali mwa nyanja ankakokola dothi lamchere m'nyengo yachilimwe, n'kulitcheza m'miphika yoboola pansi, n'kuphika madziwo mpaka atatsala mchere. Mchere umenewo unkakwera kumapiri pamodzi ndi matemba ouma, n'kubwerako chimanga, makasu osulidwa ndi Amang'anja, ndi nsalu za thonje lolimidwa konkuno. Amalonda achiyao ankabwera ndi mikanda ndi nsalu zochokera kunyanja yamchere. Mkono wa nsalu, khasu ndi mtanga wa mchere ndizo zinali miyeso ya chuma.

Komatu liwu lakuti ndalama linali litafika kale ndalamazo zisanafike. Akatswiri a zilankhulo amati linachokera ku liwu la Chiarabu lakuti dirham, limene linayenda ndi amalonda a m'mbali mwa nyanja yamchere. Kwa Ashona a ku Zimbabwe, ndarama ndi golide weniweniyo. Izi zikusonyeza kuti makolo a mbali ino ya Africa sanali m'chimbulimbuli pa nkhani ya golide kapena ya ndalama zosula. Mafumu a mzinda wa Kilwa, ku Tanzania wa lero, ankasula ndalama zamkuwa zolembedwa maina awo zaka mazana ambiri Angerezi asanabwere, ndipo imodzi mwa izo inapezeka kutali ku Great Zimbabwe. (Kilwa ameneyu ndi wina, Chilwa ndi wina, ngakhale mainawa amasokoneza alendo.) Mu 1616 Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro anayenda pansi kuchoka ku Tete kukafika ku Kilwa, ndipo panjira anacheza kwa Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi. Choncho mafumu a Amaravi ankadziwana ndi anthu ogwiritsa ntchito ndalama zachitsulo. Anali nazonso ng'anjo ndi amisiri odziwa kusungunula chitsulo. Komabe ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi atafukula pansi anapeza mikanda, mapale a mbale za ku China, zokongoletsa zamkuwa ndi minyanga ya njovu, koma ndalama ya nkhope ya Kalonga sinapezeke, chifukwa sinasulidwepo.

Chifukwa chake chili m'maina enieniwo a ufumu. Kalonga ndi wolonga mafumu. Gawa ndi wogawa dziko. Undi ndi wofungatira anthu monga nkhuku ifungatira anapiye. Ulemu wa mfumu sunali m'zimene yasunga koma m'zimene zadutsa m'manja mwake. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini dziko. Mfumu inkasinthanitsa mnyangawo ndi nsalu ndi mikanda, kenaka n'kugawira nduna ndi mafumu aang'ono. Mfumu younjika chuma m'nyumba inkadzuka tsiku lina n'kupeza mudzi uli bwinja, anthu atasamukira kwa mfumu ina yopatsa. Ndipo golide atapezeka m'dziko la Undi, kumpoto kwa Zambezi, m'zaka za m'ma 1700, sanakometse ufumuwo. Apwitikizi ndi achikunda awo anatsegula migodi, anayamba kugwirizana ndi mafumu aang'ono molambalala Undi, ndipo mpando unayamba kugwedera.

Ngati pali chinthu chimene chinkagwira ntchito yofananako ndi ndalama yaufumu, ndicho mphande. Mphande ndi tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, losemedwa n'kukhala lozungulira, loyera, lokhala ndi mzere wopota kuchokera pakati. Inkavalidwa pakhosi kapena pamphumi, ndipo woiona ankadziwa kuti wakumana ndi munthu wamkulu. Mu 1854, zaka zisanu asanaone nyanja ya Chilwa, David Livingstone anavekedwa mphande ndi Mfumu Shinde ya Alunda monga chizindikiro cha ubwenzi waukulu. Mphande inalibe nkhope ya munthu aliyense, n'chifukwa chake inkatha kuchoka pakhosi la malume n'kupita pakhosi la mwana wa mlongo wawo popanda kusula ina. Amalonda ataona mmene anthu ankaikondera, anayamba kubweretsa mphande zoumbidwa ku Ulaya, zofanana ndi zenizeni, ndipo zitachuluka, ulemu wake unatsika. Zimene akathyali a ku London anachita ndi sikisipensi, amalonda anachitanso ndi mphande.

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, Zomba anakhala likulu, ndipo Harry Johnston anakhazikitsa msonkho. Pofika mu 1894 nyumba iliyonse inkayenera kupereka masheleni atatu pachaka. Mu 1895 linga la Kawinga ku Chikala linagwa, ndipo panalibenso wotchinga njira ya okhometsa msonkho. Apa m'pamene anthu a m'chigwa chino anakumana maso ndi maso ndi Mfumukazi Victoria, pa sheleni ndi pa rupiya ya ku India. Sanakumane naye pachikondwerero, anakumana naye pamzere wa msonkho. Masamu ake ndi osavuta. Paundi imodzi inali masheleni 20, kutanthauza kuti kandalama kagolide kamodzi, kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kankakwanira msonkho wa nyumba zisanu ndi imodzi n'kutsala masheleni awiri. Ndalama yachikumbutso ya mapaundi asanu ija ikanalipira msonkho wa nyumba 33, mudzi wathunthu. Pamene malipiro a mwezi paesiteti ankazungulira pa masheleni atatu omwewo, munthu ankayenera kugwira ntchito miyezi yoposa isanu ndi umodzi kuti thukuta lake lifanane ndi kandalama kamodzi kagolide.

Mchere ndi matemba sizinkalandiridwa ku boma monga zinkalandiridwira kwa mfumu ya mudzi. Wolephera kupereka ankaona nyumba yake ikuyaka, kapena mkazi wake akugwidwa chikole. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 msonkho unakwera kufika pa masheleni asanu ndi limodzi, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka. Cholinga chinali choonekeratu: kutulutsa amuna m'minda mwawo ndi m'mabwato mwawo. Alhomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique m'zaka zimenezo, pothawa nkhanza za Apwitikizi, anafikira m'maesiteti a ku Magomero ndi kwina, kumene anapeza thangata akuwadikira. Mkwiyo umene unaphulika ndi John Chilembwe mu January 1915 unakulira m'minda imeneyi, mtunda wosatalika kuchokera pano.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene mabuku a osonkhanitsa ndalama zakale sakonda kuitchula, ndiyo ya kumene golideyo ankachokera. Mu 1886, chaka chimodzi chisanafike chikondwerero cha Victoria, golide wochuluka anapezeka kumene lero kuli Johannesburg. Migodi inafuna manja, msonkho unafuna sheleni, ndipo amuna a ku Nyasaland anayamba ulendo wa ku Joni. Ena ankalembedwa ndi Wenela. Mu 1913 kulemba anthu a kumpoto kuno kunaletsedwa chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'migodimo, komabe amuna sanaleke kupita paokha, wapansi, ulendo umene ankautcha selufu. Kuyambira 1923 mpaka 1932, ku Pretoria kunkasulidwa ndalama zagolide za paundi imodzi zokhala ndi nkhope ya Mfumu George V, ndipo woyang'anitsitsa kumbuyo kwake amaona tizilembo tiwiri, SA. Nkhope ndi ya George, koma mwa manja amene anaswa thanthwe pansi pa nthaka munali manja a ana a dziko lino. Ena anabwerako ndi njinga, jekete ndi bokosi lachitsulo. Ena anabwerako ndi chifuwa chosatha. Ena anakhala matchona, ndipo maina awo anangotsala pakamwa pa alongo awo. Ulendo wa Wenela unadzaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo.

Ndalama zimene agogo ambiri amazikumbukira si zagolide ayi, koma kobiri, tiki, sikisipensi ndi sheleni. Kobiri la nthawi imeneyo linali ndi chiboo pakati, moti amayi ankalitunga pachingwe ngati mkanda. Chifukwa cha chiboocho panalibe malo a nkhope, ndipo mfumu inkangoimiridwa ndi dzina ndi chisoti. Mmphawi, amene chuma chake chinali makobiri, nkhope ya mfumu ankaiona mwa apo ndi apo.

Mafumu a dziko lino anapatsidwa nkhopeyo mwa njira ina. Mu 1920 boma la Britain linakhazikitsa mendulo yapadera ya mafumu a m'maiko amene linkalamulira, yasiliva, ina yopakidwa golide, yovala pakhosi ndi tcheni. Mu 1933 mafumu a ku Nyasaland anapatsidwa makhoti ndi udindo wothandiza kutolera msonkho. Pakhosi pamene kale pankalendewera mphande panayamba kulendewera nkhope ya mfumu ya ku London. Sikoyenera kuweruza mafumu amenewo mopupuluma, pakuti ambiri anavala mendulo kunja, mkati akuteteza anthu awo mmene akanathera. Koma kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kwakukulu. Mphande inkanena kuti wovalayo ndi mwini dziko. Mendulo inkanena kuti wovalayo ali ndi bwana.

Chaka chimene chinavumbula zonsezi ndi 1953. Pa 2 June Mfumukazi Elizabeth II inavekedwa chisoti ku London. Ndalama zagolide za mwambowo zinasulidwa zochepa kwambiri ndipo sizinagulitsidwe kwa anthu wamba, amene anangolandira ndalama yaikulu ya masheleni asanu yoonetsa Mfumukazi ili pahatchi. Miyezi ingapo mwambowo usanachitike, mafumu a ku Nyasaland anali atapita ku London ndi madandaulo a anthu awo okana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ankakhulupirira kuti mfumu ikamva kulira kwa mafumu anzake imatsegula khomo, monga mwambo wa kuno unenera. Sanaloledwe kuonana nayo. Mu May chaka chomwecho, Inkosi Philip Gomani II ya ku Ntcheu, imene inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma pokana chitaganyacho, inachotsedwa pampando ili yodwala, ndipo inamwalira mu 1954. Mu August kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi madera ena a kummwera, anthu n'kuphedwa. Chitaganya chinakhazikitsidwabe, ndipo mu 1955 chinatulutsa ndalama zake. Pa ndalama ya masheleni awiri panali Mfumukazi mbali imodzi, mbali inayo nkhwazi itagwira nsomba m'zikhadabo. Msodzi wa pa Chilwa sankafunika womumasulira chithunzi chimenecho.

Ambiri amaiwala kuti Elizabeth II anakhalapo Mfumukazi ya Malawi kwa zaka ziwiri zathunthu, kuyambira pa 6 July 1964 mpaka pa 6 July 1966, Sir Glyn Jones akumuimira ku Zomba monga bwanamkubwa. Koma ndalama zachitsulo zoyamba za dziko la Malawi, za 1964, sizinatenge nkhope yake. Zinatenga ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene pa nthawiyo anali nduna yaikulu chabe, ndipo kumbuyo kunali tambala, chimanga ndi njovu. Aliyense wogwira sheleni yatsopanoyo anamva uthenga wake popanda wolengeza. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. Mu 1978 dziko lino linatulutsa ndalama yake yagolide ya K250, yokhala ndi nkhope ya Kamuzu ndi chithunzi cha nyala, pa ntchito yoteteza nyama zakutchire. Inasulidwira anthu osonkhanitsa ndalama a kunja, ndipo Amalawi amene anaigwirapo m'manja ndi owerengeka.

Mafumu enieni a dziko lino anadikira mpaka 2012 kuti nkhope zawo zioneke pandalama, ndipo zinaoneka papepala. Pa K20 panaikidwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, ndipo pa K50 panaikidwa Inkosi Philip Gomani II, yemwe uja anachotsedwa pampando m'chaka cha chisoti cha Mfumukazi. Pa K100 pali James Frederick Sangala, mwana wa ku Zomba konkuno, mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress. Zoona, K50 lero sigula kanthu kooneka, ndipo pepala lake limafika pa Kachulu litada, litanyowa, likununkha nsomba. Komabe nkhope ya Gomani yadutsa m'manja mwa amayi ambirimbiri ogulitsa matemba. Mwa zikumbutso ziwirizi, cholemekezeka ndi chimene chathimbirira ndi thukuta la anthu.

Anthu a m'madera a Mwambo, Kuntumanji ndi Mkumbira ali ndi njira zawozawo zowerengera ufumu. Yoyamba ndi dzina. Mfumu ikagona, wina wa m'mbumba amalowa dzina, ndipo dzinalo limapitirira ngati kuti mwini wake sanachoke. Ku Britain mfumu yatsopano imafuna nkhope yatsopano pandalama, monga zinachitikira Elizabeth II atamwalira mu September 2022 patatha zaka 70 ali pampando. Kuno mfumu yatsopano imavala dzina lakale. Njira yachiwiri ndi nyanja yomweyi. Agogo safunsa chaka cha pakalendala, amafunsa kuti kodi zimenezo zinachitika nyanja isanaphwe kapena itaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagonanso pamatope osweka, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Mfumu imakumbukiridwa ndi zimene inachita m'zaka zoterozo: ngati inagawa madimba mwachilungamo pamene madzi anathawa, ngati inateteza maiwe a m'mitsinje ya Likangala ndi Domasi momwe nsomba zimabisala podikira kuti nyanja ibwerere, ngati inalandira obwera ndi njala. Ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, mafumu a Achewa a maiko atatu amapita chaka ndi chaka kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo chimene amanyamula ndi mphatso ndi malipoti a mmene anthu awo akukhalira. Mwambo umenewo unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, unadzuka mu 1984, ndipo pa zaka 50 za kugona kwake sunasungidwe m'kabokosi kalikonse koma m'mitu ya anthu.

Njira yachitatu ili m'chiuno mwa amayi ambiri pabwalo lino. Mabungwe a chikhalidwe masiku ano amadinda nkhope za mafumu ndi zaka za miyambo pazitenje. Wina angaone ngati chitenje ndi chikumbutso chotsika poyerekeza ndi golide, koma wotero waiwala kuti nsalu ndiyo inali ndalama ya dziko lino sheleni isanabwere. Kudinda mfumu pansalu ndi kuidinda pandalama ya makolo. Chitenje chimapita kumaliro ndi kuukwati, chimabereka mwana, chimachapidwa mpaka nkhope ya mfumu itafufuma. Pofika pamenepo mwana amene anaberekedwa nacho amakhala atafunsa kale kuti munthu ali pansaluyo ndani.

Izi sizikutanthauza kuti zitsulo zakale zilibe ntchito. M'mabokosi a ku Joni amene akadali kuseri kwa zitseko m'midzi ino muli makobiri oboola, masheleni a chitaganya, mamendulo a asilikali a King's African Rifles amene chipilala chawo chili ku Zomba, ndipo mwina penapake muli mendulo ya mfumu kapena mphande. Masiku ano kumayenda anthu m'midzi ofunsa ndalama zakale ndi masimbi akale a makala, akulonjeza chuma chodabwitsa kapena kunena kuti zinthuzo zili ndi mphamvu zachinsinsi. Ena amagula pamtengo wa botolo la mafuta ophikira chinthu chimene banja lasunga zaka 80. Ena amabwera ndi chitsulo chopakidwa utoto n'kuchigulitsa ngati golide. Zoona zake n'zakuti makobiri ndi masheleni ambiri a nthawi ya atsamunda alibe golide ngakhale pang'ono, ndipo anasulidwa ochuluka kwambiri moti mtengo wake pamsika ndi wochepa. Ndalama yagolide yeniyeni ya paundi imodzi imadziwika ndi kulemera kwake kwa magalamu 7.98 ndi kukula kwake kwa mamilimita 22, ndipo maginito saikoka. Ndalama yakale siyenera kukwechedwa ndi mchenga kapena phulusa kuti iwale, pakuti kukwechako kumafufuta zilembo zimene zikanauza wodziwa chaka ndi malo amene inasulidwira. Wofuna uphungu angapite kunyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, ndipo wofuna mbiri ya ufumu wa kwawo monga inalembedwera ndi boma angayambire ku National Archives, ku Zomba konkuno.

Chimene wogula wa panjira sangachilipire ndi nkhani ya chinthucho. Sheleni yopanda nkhani ndi chitsulo wamba, koma sheleni imene banja likudziwa kuti inabwera ndi agogo akutiakuti, kuchokera kumgodi wakutiwakuti, m'chaka chimene nyanja inaphwa, ndi umboni wa mbiri ya mudzi wonse. Ntchito imene ikudikira achinyamata a bungwe lino ndi yotenga kope ndi cholembera, kukhala pansi ndi eni mabokosi aja, ndi kulemba kuti chinthu chilichonse anabwera nacho ndani, anachipeza bwanji, ankalamulira mudzi ndani pa nthawiyo, ndipo msonkho unali ndalama zingati. Pepalalo likulungidwe pamodzi ndi chitsulocho. Amuna omaliza amene anakwera ndege za Wenela tsopano adutsa zaka 70, amayi amene anatunga makobiri pachingwe atsala owerengeka, ndipo ena mwa iwo akhala pamphasa zakutsogolo pamwambo uno.